Mneni "garnu" wa Chinepali: yankho kwa achemwali a ku Doha

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena amene akugwira ntchito kukhitchini ya hotela ina ku Doha, m'dziko la Qatar. Anzawo ambiri kumeneko ndi a ku Nepal, ndipo akuti pali mawu amene sachoka m'kamwa mwa anzawowo: pena akumva "garchhu", pena "garyo", pena "garnus". Akufunsa kuti, kodi amenewa ndi mawu amodzi kapena angapo, ndipo ayambire pati kuti nawonso aziyankhako osalakwira munthu?

Achemwali, khutu lanu ndi lakuthwa. Onsewo ndi ana a mayi mmodzi. Mneni wake ndi garnu, amene m'zilembo zawo za Devanagari amalembedwa गर्नु, ndipo tanthauzo lake ndi "kuchita". Mumamumva kwambiri chifukwa amasenza mawu ena ambirimbiri: kam garnu ndi kugwira ntchito, sapha garnu ndi kuyeretsa, kura garnu ndi kucheza, phon garnu ndi kuimba foni, maya garnu ndi kukonda. Mukamugwira bwino ameneyu, mwagwira aneni ochuluka nthawi imodzi.

Choyamba kuzolowera ndi ichi. Ife tikamati "ndimachita", "umachita", "amachita", chimene chimasintha ndi mutu wa mawu, mchira umakhala womwewo. Chinepali chimachita zosiyana. Chotsani -nu, mutsala ndi tsinde gar-, ndipo munthu wochitayo ndi nthawi yake zonse zimamangidwa kumchira. Komanso mneni amakhala kumapeto kwa chiganizo: ma kam garchhu, ngati kunena kuti "ine ntchito ndimachita".

M'nthawi yatsopano, ine ndi ma garchhu, ife ndi hami garchhaũ, iwe ndi timi garchhau, iye ndi u garchha, iwo ndi uniharu garchhan. Kachizindikiro kali pamwamba pa ũ kakutanthauza kuti liwulo litulukire m'mphuno, ndipo ndi kokhako kamene kakusiyanitsa "ife" ndi "iwe". Liwu la chh lisakuopseni. Lili pakati pa "tch" wa mu "tchire" ndi "ts" wa mu "tsiku", ndi kampweya pambuyo pake. Apa ife tili ndi mwayi, poti kh, ph ndi th wathu wa mu "khasu", "phala" ndi "thumba" aliponso m'Chinepali. Kukana kumalowanso kumchira komweko: ma gardina, sindichita, u gardaina, sachita.

Tsopano ndifike pamene ndikufuna muikepo mtima, pa nkhani ya ulemu. Chinepali chili ndi masitepe angapo a "iwe". Pansi penipeni pali tã, wa kamwana, mnzako wa ponda apa nane ndipondepo, kapena munthu amene ukumunyoza. Ameneyu mumudziwe pomumva chabe, musamugwiritse ntchito. Pakati pali timi, wa anzako ndi ocheperapo msinkhu. Pamwamba pali tapai, amene ndi "inu" wathu weniweni. Mudzamvanso hajur, amene ulemu wake ndi woposa, ndipo amavomereranso naye akaitanidwa, monga ife timati "wawa".

Ine phunziro limeneli linandilowa kudzera m'manyazi. Ndikukhala ku Pokhara, mzinda wina wa ku Nepal, ndinkachita lendi kachipinda kwa mayi ena achikulire. Tsiku lina ndinawapeza pakhonde akupeta mpunga, ine pofuna kuonetsa kuti ndayamba kudziwa, ndinati, "Timi ke garchhau?" Manja awo anaima pa lichero. Sanakalipe, anangondiyang'ana kanthawi n'kupitiriza kupeta. Mdzukulu wawo ndiye anandinong'oneza kuti, "Tapai." Taganizani mlendo atafika kwa agogo anu n'kunena kuti "iwe ukutani". Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa, chifukwa mayi aja ankandisunga ngati mwana wawo.

Chosangalatsa n'chakuti mneni waulemu ndiye wosavuta kuposa onse. Simuchotsa kalikonse. Mumatenga garnu yense n'kuwonjezera: tapai garnuhunchha, mumachita, tapai garnuhunna, simuchita, tapaile garnubhayo, munachita, garnubhaena, simunachite. Mchira womwewo umagwiranso ntchito pokamba za munthu wolemekezeka amene palibe, uhã garnuhunchha, monga ife timati "abambo amachita". Popempha mumati garnuhos, ndipo pothamanga amafupikitsa kukhala garnus amene mwamumva uja. Mnzanu akamati chhito gara, akuti "fulumira". Akamati chhito garnus, akuti "fulumirani". Mukamuponda munthu phazi pakati pa mapoto, nenani maph garnuhos, pepani. Kuletsa ndi na- kumayambiriro: nagarnuhos, musachite.

Malangizo anga ndiye awa: musaloweze mndandanda wonsewu. Yambani ndi anthu awiri okha, ma ndi tapai. Mukatha kunena zanu ndi kufunsa mwaulemu za mnzanu, mwatha kucheza. Enawo adzalowa okha m'khutu.

Nthawi yakale ndiyo ili ndi kamsampha. Mneni akakhala woti pali chinthu chimene chachitidwa, wochitayo amatenga -le, ndipo ma amasanduka maile, u amasanduka usle. Choncho "ndinachita" ndi maile garẽ, "unachita" ndi timile garyau, "anachita" kwa munthu mmodzi ndi usle garyo, kwa ambiri ndi uniharule gare. Onani bwino awiriwo, garẽ ndi gare. Woyambayo, wa m'mphuno, ndi wanu. Winayo ndi wa anthu ena. Kukana kwake ndi maile garina, sindinachite, ndi usle garena, sanachite. Ku Chichewa tilibe kanthu kofanana ndi -le, n'chifukwa chake lilime limafuna kungoti "ma garẽ". Adzakumvani ndithu, koma zidzamveka ngati mmene timamvera mlendo akati "ine chita dzulo". Muzimuloweza maile garẽ ngati mawu amodzi osadukiza.

Nthawi zina ziwiri zimene mudzazifuna tsiku lililonse kukhitchini zimamangidwa ndi kamneni kothandizira, chhu, kotanthauza "ndili". Ma gardai chhu ndi "ndikuchita" pakali pano, mpeni uli m'manja. Akakufunsani ngati mwatsuka kale tebulo inu muli mkati, yankho ndi limenelo. Mukafuna kufunsa munthu wamkulu chimene akuchita, funso limene ndikanawafunsa mayi aja, ndi tapai ke gardai hunuhunchha? Ndiye pali maile gareko chhu, "ndachita", chinthu chatha ndipo chikuoneka. Ya chizolowezi chakale, "ndinkachita", ndi ma garthẽ, iye ndi u garthyo. Imeneyi ndi ya nthawi yopuma, mukamakambirana ntchito zimene munkagwira kumudzi musanakwere ndege.

Pa nthawi yamtsogolo sindikhalitsa. Mabuku amapereka ma garnechhu, ndidzachita, koma ameneyu mudzamupeza kwambiri m'zolemba ndi m'malonjezo a pamsonkhano. Palinso ma garũla, amene ali ndi kakukayika, ngati "ndidzachita kaya". Pocheza anthu amangotenga nthawi yatsopano n'kuikapo tsiku: bholi garchhu, ndichita mawa. Ifenso timatero, si choncho? Sungani mawu atatu: hijo ndi dzulo, aja ndi lero, bholi ndi mawa.

Michira yomweyi mukhoza kuisamutsira kwa aneni ena. Khanu ndi kudya: ma khanchhu, ndimadya, maile khaẽ, ndinadya. Pamenepa ndi pamene pamachokera funso limene mwina akufunsanipo kale masana, khana khanubhayo?, kapena bhat khanubhayo?, kutanthauza "mwadya?". Kwa iwo ndi moni, ngati "mwaswera bwanji" wathu, ndipo sakutanthauza kuti akuitanirani mbale. Muyankhe kuti khaẽ, tapaile ni?, ndadya, kaya inu.

Amene amapanduka ndi janu, kupita. Nthawi yatsopano ali bwinobwino, ma janchhu, koma m'nthawi yakale tsinde limasinthiratu: ma gaẽ, ndinapita, u gayo, anapita. Onaninso kuti apa palibe -le, chifukwa kupita sikuchitidwa pa chinthu. Koma waulemu uja sagwedezeka: tapai janubhayo, munapita.

Mawa mukafika pa ntchito, sankhani mnzanu mmodzi woleza mtima, makamaka wamkulu kwa inu. Mumuitane didi ngati ndi mayi, dai ngati ndi bambo, ndiwo achemwali ndi achimwene awo. Mukamaliza kupukuta malo anu, mumuuze kuti, "Didi, maile sapha garẽ." Mundilemberenso, ndikufuna ndimve chimene adzakuyankheni.