Mapasa anu ali ndi nsengwa imodzi kapena ziwiri?

Achemwali, mwati sikani yaonetsa mapasa, ndipo nkhawa yanu ndi yoti mwina wina azilanda mnzake chakudya m'mimbamo. Nkhani yonse yagona pa nsengwa, poti ndiyo imadyetsa mwana kudzera m'chingwe cha mchombo.

Mapasa ambiri amachokera ku mazira awiri, lililonse lokumana ndi umuna palokha. Otere aliyense amakhala ndi nsengwa yake ndi nsupa yake (thumba la madzi limene mwana amakhalamo), ndipo atha kubadwa mwamuna ndi mkazi. Apa kulandana kulibe.

Mapasa ofanana nkhope aja ndi dzira limodzi lomwe linagawikana, ndipo tsiku logawikanalo ndi limene limalamula. Likagawikana m'masiku 3 oyamba, aliyense amapeza nsengwa yake. Likagawikana pakati pa tsiku la 4 ndi la 8, zomwe zimachitika kawirikawiri, nsengwa imakhala imodzi koma nsupa ziwiri. Likachedwa kuposa apo, anawo amakhala m'nsupa imodzi, ndipo zingwe zawo zitha kukolana.

Pa nsengwa imodzi mitsempha ya ana awiriwo imalumikizana. Nthawi zambiri magazi amayenda bwinobwino, koma mwa mimba 100 zotere, 10 mpaka 15 magazi amapendekera mbali imodzi. Wina amachepa thupi, madzi ake n'kuphwa, pomwe mnzake magazi amamuchulukira, mtima n'kumalemedwa. Musaganize kuti wamkuluyo ndiye ali pabwino, onse amakhala pachiopsezo. Chimandidetsa nkhawa n'chakuti poyamba mayi samva kanthu, chimaonetsa ndi sikani basi. N'chifukwa chake madokotala amafuna kumajambula mimba zotere pakatha masabata 2 alionse kuyambira sabata la 16.

Ndiye mukapita kusikelo, funsani ndithu kuti nsengwa ndi zingati. Zimaoneka bwino mimba isanapitirire masabata 14, ikakula zimavuta kusiyanitsa.

Pa kakulidwe, mapasa amayenda limodzi ndi mwana wayekha mpaka cha m'ma sabata 28 kapena 30, kenako amayamba kutsalira pang'ono. Oposa theka amabadwa masabata 37 asanakwane, choncho katundu wakuchipatala akhale chire msanga. Mapiritsi owonjezera magazi musawadumphe, mukudyetsa awiri. Mimba ikakula mwadzidzidzi n'kumakubanikitsani, mutu ukamapweteka kwambiri, maso akamachita chidima, nkhope ikatupa, kapena ana akachepetsa kugunda, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira tsiku la sikelo.