Phokoso la pa kamera ya kusitolo kwa amalume

Amalume, mwaswera bwanji kumeneko? Ndaumva uthenga wanu, ndaonanso kavidiyo kaja mwaponya m'gulu muno. Mukuti kamera munaika panja pa sitolo ku Ulónguè ikumveka ngati muli njuchi, koma mukaimbira mlonda akuti kunja kuli zii. Eya. Musayambe mwagula ina ayi, sinafe imeneyo. Ndipo azakhali, ndaona zimene mwalemba zoti mwina ndi anthu oyenda usiku, aaa, tiyeni tiyambe taona mawaya kaye.

Ndamvetsera kawiri ndi mahedifoni. Muli mapokoso awiri osiyana mmenemo. Pali lina lapansipansi, losasintha, longoti mmmmm osapuma. Limenelo ndi la magetsi, ndikhoza kubetcha. Magetsi athu kuno ndi a 220, ndipo amanjenjemera ka 50 pa sekondi iliyonse. Chaja yabwino imasefa kunjenjemera kumeneko, koma yotchipa imangokudutsitsa mpaka kukafika pa maiki. Ineyo zinandionekerapo kuno ku Moatize. Ndinagula kachaja pamsika, kopepuka ngati mulibe kanthu mkati, kamera yanga inalira sabata yathunthu, ine n'kumatukwana netiweki yosalakwa.

Ndiye mlondayo achite chonchi. Ngati kamerayo ndi ija yolowetsa chingwe cha USB, ya 5 volts, aizule kukhoma aiike pa pawabanki. Inuyo muzimvera pa foni nthawi yomweyo. Mmmmm uja akasiya, basi, wakuba tamugwira, ndi chaja kapena chingwe chake. Koma awerenge kaye zolembedwa pansi pa kamerapo, chifukwa zina ndi za 12 volts, ndipo kusinthanitsa machaja amenewa kumaotcha zinthu. Chinanso, ndikukumbukira kuti ekisitenshoni yanu ija ndi imodzimodzi ndi ya firiji ya zakumwa. Ayesere kuzimitsa firijiyo kwa mphindi imodzi mumve ngati pasinthe. Magetsi akazima mumagwiritsa inveta ya sola, eti? Mainveta otchipa nawonso amabweretsa phokoso chimodzimodzi, ndiye muzindikire ngati phokosolo limakula nthawi imeneyo.

Lachiwirilo ndi lija la fuuu, fuuu, lobwera n'kupita. Ndi mphepo imeneyo. Maiki ya kamera ili pa kabowo kakang'ono ngati kobooledwa ndi singano, ndiye mphepo ya ku Angónia ya mwezi wa Julaye uno ikamaomba pakabowopo zimamveka ngati chimvula chamkuntho, pomwe munthu ali pompo sakumva kanthu. Komanso makamera amenewa ali ndi khalidwe lake: kukakhala chete amadzikwezera okha mphamvu yomvera, kufunafuna mawu. N'chifukwa chake mwati usiku ndiye zimanyanya. Lowani mu apu ya kamera ija, pa zoikamo za mawu, mutsitse voliyumu ya maiki ifike pakati. Kenako mlondayo adule kachidutswa ka siponji yotsukira mbale, yatsopano, amatirire m'mbali mwa kabowoko kuti kaphimbike. Asatseke ndi selotepi yokhayokha, mudzangomva ngati anthu akulankhulira m'chidebe.

Paja kamerayo munaimangirira pati? M'kavidiyomo ndikuona ngati ili pansi penipeni pa malata. Malata amatenga kugwedera kulikonse, galimoto ikadutsa pamsewu, mbalame ikatera, ngakhale kuthetheka kuja amachita dzuwa likamalowa. Bola aisunthire pakhoma la njerwa, pansi pake aikepo kathabwa kapena kachidutswa ka chubu cha njinga.

Kuja mwati imachita "tchaku" kamodzi chakumadzulo, kumeneko kusiyeni, ndi kagalasi ka mkati kamasuntha ikamayamba kuona mumdima. Koma apukute akangaude, amakonda kumanga pomwepo, ndipo kachilombo kakamayenda pa maiki kamamveka ngati munthu akukanda chitseko. Apukute ndi kansalu kouma basi, asatokose m'kabowomo ndi singano kapena waya, angaboole kotchinga madzi, Disembala ikadzafika tidzalira tonse.

O, ndipo akamayesa asaime pafupi ndi kamera foni ili yotsegula mawu, zimalizana tswiii mpaka makutu kuwawa.

Ayambe ndi pawabanki madzulo ano, mundijambulire ka mphindi imodzi muponye muno. Zikakanika zonsezi, Loweruka ndikwera chapa ya m'mawa, ndibwera ndi chaja yanga tidzayesere limodzi. Azakhali andisungire mbatatesi.