Kwa obwera kumene ku Japan: musanakadye kaiseki, imvani kaye zimene zinandionekera

Mwana wa mlongo wanga wafika kuno mu April pa sikolashipi ya boma la Japan yotchedwa MEXT. Sabata yatha anandiimbira foni: "Malume, ndalama yanga yoyamba yalowa, ndikufuna ndikadye kaiseki ku Kyoto ngati zija ndimaona pa Instagram." Tsiku lomwelo m'gulu lathu la WhatsApp munali mutadzaza nkhani ya mnyamata wina wa kwathu amene anakokedwa ndi woitanira pamsewu ku Kabukicho, ku Shinjuku mumzinda wa Tokyo. Anamulonjeza chakudya chenicheni cha Chijapani pamtengo wotsika, anamukweza naye m'kachipinda ka pamwamba, ndipo bilu imene anatuluka nayo inameza lendi yake ya mwezi wonse. Ndiye ndati ndilembe kamodzi, onse mumve.

Choyamba. Malo enieni a kaiseki, chakudya chapamwamba cha Chijapani chobwera m'timbale tambirimbiri motsatizana, saitanira munthu pamsewu. Oitanirawa kuno amawatcha kyakuhiki, ndipo chinyengo chawo chokweza bilu chili ndi dzina lakelake, bottakuri. Inu munakulira pa depoti, oitanira mukuwadziwa, kungoti awa amavala suti ndipo amalankhula Chingelezi chosalala. Malo enieniwo nthawi zambiri alibe n'chikwangwani chachikulu chomwe: kansalu kolendewera pakhomo, timiyala tapanjira tothiridwa madzi, basi. Ena a ku Gion, dera lina la ku Kyoto, salandira n'komwe munthu amene sanabwere ndi kasitomala wawo wakale, amati ichigen-san okotowari. Akakubwezani musathamangire kunena kuti ndi khungu lanu, Ajapani enieni amabwezedwanso.

Chachiwiri ndiye chimene chimandipwetekabe mumtima. Kumalo amenewa mumasungitsa malo masabata kapena miyezi isanakwane, ndipo ambiri amafuna nambala ya khadi lanu la kubanki pomwepo. Mukasintha maganizo tsiku lomwelo, kapena mukangojomba, amakudulani ndalama yonse. Poyamba ndinkaona ngati ndi nkhanza, koma wophika amagula nsomba m'mawa powerengera mitu ya anthu, ndipo malo ena mipando ndi 8 kapena 10 yokha.

Ine ndinaphunzira ndi misozi. Mnzanga wina wa kumudzi anabwera kudzagula magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito, ndipo ndinati ndimulandire mwaulemu. Ndinasungitsa malo a anthu awiri, mwezi wathunthu tsikulo lisanafike, pa khadi langa, ma yen 27,500 pa mutu. Nthawi inali 6 koloko madzulo. Itakwana 5:30 ndinamuimbira, iye nkuti, "Ndili m'njira achimwene, ndatsala pang'ono." Ndili m'njira yakwathu ija mukuidziwa. Munthu anali akadali ku Osaka, akumwa ndi anzake. Ndinakhala ndekha pakauntala, pambali panga pali thireyi yake, timitengo take todyera titayalidwa bwinobwino, ndipo mayi wotumikira uja anabwera kudzazichotsa mwakachetechete osandiyang'ana kumaso, zomwe zinandipatsa manyazi kuposa akanandikalipira. Ndinalipira za anthu awiri. Mpaka lero akungoti tidzakambirana, pamene magalimoto aja anagulitsa onse. Akawerenga izi adzidziwa yekha. Musasungitsire malo munthu amene sanakupatseni ndalama yake m'manja, kaya ndi mlamu wanu, kaya ndi abusa.

Ndipo kuchedwa kwa mphindi 15 kuno ndi kuchedwa kwenikweni. Malo ena onse okhala pakauntala amayamba kudya nthawi imodzi, sadikira munthu.

Chachitatu, mtengo umene mwauona pa intaneti si umene mulipire. Funsani ngati msonkho wa 10 peresenti walowa kale, funsaninso za ndalama ya utumiki imene malo ambiri amawonjezera, 10 mpaka 15 peresenti. Zakumwa n'zapadera, ndipo akakufunsani mwaulemu kuti mumwa sake (mowa wawo wa mpunga) wanji, inu nkuyankha kuti aliyense wabwino, mwadzitchera nokha. Funsani mtengo, palibe amene akusekeni. Chabwino n'choti kuno kulibe zosiyira wotumikira kangachepe patebulo. Mukasiya akuthamangirani panja kudzakubwezerani.

Za chakudyacho. Musayembekeze nsima ndi ndiwo kufika pamodzi. Zimabwera pang'onopang'ono, mbale 8, 10, nthawi zina kupitirira, kwa maola awiri kapena atatu. Mbale yoyamba, sakizuke, ndi yoti mwana wa kwathu angafunse kuti amayi mwalawa kale? Kenako hassun, thireyi yosonyeza nyengo imene tili, nsomba yaiwisi, nsomba yootcha, zophika m'msuzi, ndipo mpunga umabwera kumapeto penipeni pamodzi ndi msuzi wa miso (wa soya wosasitsa) ndi zamasamba zosasitsa. Mukaona mpunga dziwani kuti kwatsala chipatso. Mumakhuta ndithu, kungoti mimba imazindikira mochedwa.

Mbale imene wophika amaonetsera luso lake ndi ya msuzi, owan, yobwera m'kabakuli kakuda kovundikira. Mukavundukula, fungo la khungu la yuzu, chipatso chonga ndimu, limakumenyani m'mphuno, msuziwo uli mbee ngati madzi a pa mjigo. Umapangidwa ndi ndere za m'nyanja zotchedwa kombu ndi nsomba youma yopala yotchedwa katsuobushi, iwo amati dashi. Ulendo woyamba ndinaganiza kuti aiwala mchere, ndipo ndinatsala pang'ono kupempha. Musapemphe. Ndipo Nali uja mumayenda naye m'chikwama atsale kunyumba. Lilime lozolowera tomato ndi anyezi wokazinga limafuna nthawi kuti liyambe kumva zimene zili mmenemo, kwa ine zinatenga chaka ndithu.

Anzanga a Seventh Day ndi Asilamu, ili ndi lanu makamaka. Kumeneku kulibe zosankha pa menyu, mumadya chimene wophika wakonza. Nkhanu, nkhono, zam'nyanja zopanda mamba zimabwera ndithu, ndipo m'chilimwe ku Kyoto, makamaka mu July nthawi ya chikondwerero cha Gion Matsuri, simungathawe hamo, nsomba yaitali ngati mkunga. Sake ndi mirin (mowa wotsekemera wophikira) zimalowa m'misuzi yambiri. Nenani pamene mukusungitsa malo, osati mutakhala kale pansi. Ena akuuzani mosabisa kuti sangakwanitse, ndipo kuli bwino kumva zimenezo pafoni ndalama isanachoke.

Chachisanu, kapena chachisanu ndi chimodzi, ndasokoneza kuwerenga: masokosi. Nsapato mumavula pakhomo ndipo mumaponda mphasa zawo za tatami. Ine tsiku lina chala chachikulu chinasuzumira panja pamaso pa aphunzitsi anga a kuyunivesite, ndipo usiku wonse ndinakhala nditapinda phazi. Osapondanso opanda masokosi. Pafyumu msiyeni, amaphimba fungo la chakudya cha anzanu ndipo malo ena amachenjezeratu. Timitengo todyera musatizike chilili mumpunga, amatero pofukizira wakufa. Musapatsirane chakudya kuchokera pa timitengo tanu kupita pa ta mnzanu, chifukwa ndi mmene amatolera mafupa akawotcha maliro. Mphete ndi zibangili samalani nazo, mbale zina n'zakale kuposa agogo anu ndipo zimakalika msanga.

Posankha malo, nyenyezi zimene buku la Michelin limapereka kwa malo odyera abwino zimathandiza, koma Ajapani eni ake amayang'ana kwambiri Tabelog, tsamba la pa intaneti pamene odya amapatsa malo mamalikisi, ndipo kumeneko malo opeza 3.5 pa 5 ndi abwino kale, osati ngati mmene timaonera pa Google. Mayina akuluakulu ngati Kikunoi ya Yoshihiro Murata ku Higashiyama, kapena Hyotei imene yakhalapo zaka pafupifupi 400 pafupi ndi kachisi wa Nanzen-ji, si a wophunzira amene lamulo limamulola ganyu ya maola 28 okha pasabata. Komatu Hyotei yomweyo ili ndi nyumba ina pambali yogulitsa phala la mpunga la m'mawa ndi bokosi la chakudya chamasana pamtengo wocheperapo. Malo ambiri masana amatsitsa mtengo, wophika ali yemweyo, dashi ali yemweyo.

Mwana wa mlongo wangayo ndamuuza adikire mpaka October, nyengo ya bowa wa matsutake, ayambe wagula jekete ya chisanu ndi kutumiza kangachepe kwa mayi ake. Tidzapita masana. Kuimba foni m'Chijapani ndidzamuimbira ine, koma khadi lidzakhala lake.