Adandinamiza pafoni kuti ndi a kubanki, malipiro onse apita: nditani?

Mayi wina, mphunzitsi wa ku Kasungu, walemba kuti adaimbiridwa foni ndi bambo wolankhula mwaulemu, amene adawatchula dzina lawo lonse nkunena kuti akuimba kuchokera kubanki. Adati khadi lawo la Visa litsekedwa tsiku lomwelo chifukwa chiphaso chawo cha unzika chidatha mphamvu, koma angathe kuwakonzera pafoni pomwepo. Mayiwa adawerenga manambala 16 a pakhadi, mwezi ndi chaka chomwe khadi lidzathere, manambala atatu a kumbuyo, kenaka nambala imene idabwera pa meseji. Ola lisanathe, K380,000 idali itachoka. Kubanki adangouzidwa pakauntala kuti adapereka okha nambalayo, ndiye palibe chochita. Akufunsa ngati nkhani yathera pomwepo, komanso kuti bamboyo adadziwa bwanji dzina lawo.

Mayi, pepani kwambiri. Ayi, nkhani sinathe, ndipo mawu a pakauntala si chigamulo cha banki. Komabe sindikunamizani kuti ndalamayo ibwera mosavuta.

Ngati khadilo silinatsekedwe, imbani lero pa nambala yolembedwa kumbuyo kwa khadi kapena pitani nokha kunthambi. Musaimbe nambala imene idakuimbirani ija. Musafufutenso kalikonse m'foni: meseji ya OTP (nambala yachinsinsi yogwira ntchito kamodzi imene idabwera pa meseji ija), mameseji osonyeza kuti ndalama yachoka, nambala ya woimbayo ndi nthawi imene adaimba. Jambulani zonsezo, mulembe pa pepala zimene adanena mukadazikumbukira bwino. Umenewo ndiwo umboni wanu.

Mbali yovuta ndi ya OTP, ndipo ndikufuna muimvetse musanakumanenso ndi a banki. Pamene mumalandira khadi mudasaina pangano, ndipo m'mapangano oterewa mumakhala mawu oletsa kuuza munthu aliyense PIN kapena OTP. Nambala ya pa meseji ija banki imaiona ngati siginecha yanu: wakuba akailemba pa intaneti, makina amaona ngati ndinu mwavomereza kugula. Nchifukwa chake njira yobwezera ndalama ya makadi a Visa, imene a kubanki amaitcha chargeback, imayenda bwino pamene khadi lagwiritsidwa ntchito mwini wake asakudziwa chilichonse, koma imavuta pamene OTP idaperekedwa. Apa mpamene banki idzaimire.

Koma pangano lili ndi mbali ziwiri. Banki nayo ili ndi udindo wosamala ndalama za kasitomala, ndipo pali mafunso amene iyenera kuyankha polemba. OTP idabwera imodzi kapena zingapo? Ngati ndalama idachoka maulendo anayi inu mutapereka nambala kamodzi, maulendo atatu enawo adavomerezedwa ndi yani? Mesejiyo inkanena kuti ndi ya kugula zinthu za ndalama zingati, kapena idangobwera nambala yokhayokha? Mudawauza nthawi yanji, ndipo khadi adalitseka nthawi yanji? Ndalama iliyonse imene idachoka inu mutawadziwitsa kale ndi nkhani ina kotheratu, ndipo pamenepo muli ndi poimira polimba. Ine ndimaona kuti anthu ambiri amagonja pa mafunso amenewa chifukwa cha manyazi, poganiza kuti adapusa. Wolakwa pamaso pa lamulo ndi wonamizayo, inu ndinu wodandaula.

Choncho lembani kalata ya dandaulo kwa manijala wa nthambi yanu. Fotokozani tsiku, nthawi ndi ndalama, pemphani sitetimenti yosonyeza kumene ndalamayo idapita, pemphani kuti atsegule chargeback, ndipo akakana akuuzeni chifukwa chake polemba. Tengani makope awiri, imodzi akudindireni chidindo cha tsiku mubwerere nayo kunyumba. Musazengereze, chifukwa chargeback ili ndi malire a masiku.

Akakana, kapena akangokhala chete, pitani nayo nkhaniyi ku Reserve Bank of Malawi. Pansi pa lamulo la Financial Services Act la 2010, gavanala wa bankiyo ndiye Registrar of Financial Institutions, woyang'anira mabanki onse, ndipo ofesi yake imalandira madandaulo a makasitomala. Chinthu choyamba chimene adzafunse ndi chakuti mudayamba mwadandaula kubanki yanu, ndiye kalata yodindidwa ija idzagwira ntchito pamenepo.

Kupolisi pitani sabata yomwe ino, osadikira yankho la banki. Zimene adachita bamboyo ndi mlandu wopeza chuma mwachinyengo pansi pa gawo 319 la Penal Code, ndipo poti adagwiritsa ntchito foni ndi intaneti, lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 likhozanso kumukhudza. Mukapereka sitetimenti yanu papolisi iliyonse, pemphani lipoti la apolisi ndi dzina la wapolisi amene akufufuza. Milandu yotere kawirikawiri imapita kwa apolisi a Fiscal, amene amafufuza milandu ya chinyengo cha ndalama. Inu panokha kampani ya foni singakuuzeni mwini wa nambala ija, koma apolisi atha kutenga chikalata kukhoti la majisitireti chowalola kuona mbiri ya nambalayo ndi kumene ndalama idalowera. Dziwani kuti ngakhale simu kadi iliyonse imayenera kulembetsedwa, akuba amagwiritsa ntchito ziphaso za anthu ena, ndipo apolisi akhala akunena kuti mafoni ena otere amaimbidwa ndi akaidi ali m'ndende momwemo. Ndiye dzina loyamba kutuluka silikhala la wakubayo nthawi zonse. Munthu akagwidwa, mlandu amayendetsa ndi boma, inu mumakhala mboni. Uzani woimira boma pa mlanduyo kuti mukufuna apemphe khoti lilamule kubwezeredwa ndalama, chifukwa khoti lili ndi mphamvu imeneyo.

Mwafunsanso kuti adadziwa bwanji dzina lanu. Dzina limapezeka mosavuta: pa Facebook, m'magulu a WhatsApp, ngakhale poyesa kutumiza ndalama pa nambala yanu ya foni. Koma ngati adatchula zinthu zimene ndi banki yokha ingadziwe, monga nambala ya akaunti kapena ndalama imene idalowa mwezi umenewo, lembani zimenezo m'kalata yanu. Lamulo la Data Protection Act la 2024 limalamula mabungwe kusunga bwino zinsinsi za anthu, ndipo dandaulo la mtundu umenewu limapita ku MACRA, bungwe la boma loyang'anira za mafoni ndi intaneti.

Chenjerani ndi foni yachiwiri. Akuba omwewo amaimbanso patapita masiku, akudzitcha apolisi kapena ofufuza a banki, nkunena kuti ndalama yapezeka koma mutumize kaye kangachepe kotsegulira. Dulani foniyo, nambala yake muipereke kwa wapolisi wanu.

Njira zonsezi zikakanika, mutha kusumira banki kukhoti pa mlandu wophwanya pangano, ndipo lamulo la Limitation Act limapereka zaka 6 pa milandu ya pangano. Musanatero, loya aone kaye mayankho a banki ndi pangano la khadi, chifukwa mukaluza khoti litha kukulamulani kulipira zimene bankiyo yawononga pa mlanduwo. Ngati simungakwanitse kulipira loya, pitani ku Legal Aid Bureau mutanyamula kalata yodindidwa, sitetimenti ya banki, lipoti la apolisi ndi foni yanu mameseji ali momwemo.