Kuntchito amati ndife banja limodzi, koma kunyumba tikugona chofulatirana

Azakhali,

Ndine mayi wa ana awiri ndipo ndimagwira ntchito yowerengera ndalama pakampani ina yayikulu. Malipiro ndi abwino, sindinganame, koma mtima wanga suli pamenepo. Mabwana amakonda kunena kuti ndife banja limodzi, pomwe akutanthauza kuti foni isazime. Mauthenga a pa WhatsApp amabwera ngakhale pakati pa usiku, ndipo wosayankha amamuyesa waulesi. Lachisanu tikaweruka anzanga amapita kokamwa, ndipo nkhani zokwezana maudindo zimapsera komweko. Ine sindimwa, ndimathamangira ana.

Mwezi watha abwana anandiuza kuti ndikongoletse manambala mu lipoti kuti eni masheya asangalale. Ndinakana mwaulemu, ndipo chiyambire tsikulo moni wanga amayankha ndi mutu. Nditauza amuna anga kuti ndikufuna kusiya ntchito, anapsa mtima. Akuti ndikudziyesa woyera, aliyense amapirira, fodya wako ndi yemwe ali pamphuno. Kodi vuto ndine?

Wothedwa nzeru

Mwana wanga,

Vuto si iwe. Koma mu kalata yakoyi wamanga zinthu zosiyana mtolo umodzi, ndipo ndikuganiza kuti ndi mmenenso unazifikitsira kwa amuna ako.

Za kumowa za Lachisanu zisakusowetse tulo. Munthu akhoza kugwira ntchito bwino ndi anthu amene sacheza nawo. Ngati ukuopa kuiwalika pokweza anthu, pempha kuti uzikumana ndi abwana masana, uwaonetse zomwe wagwira, ufunse mosazungulira zomwe zikufunika kuti ukwere.

Za mauthenga a usiku, kudandaula kwako n'komveka. Kale mu 1919 bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linakhazikitsa pangano loti ntchito ya m'mafakitale isapitirire maola 8 patsiku ndi 48 pasabata. Foni yabweretsanso zomwe anthu anazikana nthawi imeneyo, moti dziko la France linachita kuika lamulo, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2017, lopatsa antchito ufulu wosayankha mauthenga a kuntchito akaweruka. Ndiponso kafukufuku amene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO ndi ILO anatulutsa mu 2021 anapeza kuti ogwira maola 55 kapena kuposa pasabata amakhala pachiopsezo chachikulu chodwala sitiroko ndi kufa ndi matenda a mtima. Werenganso kontirakiti yako uone maola amene munagwirizana. Kenako dziikire nthawi yosiya kuyankha, uwadziwitse abwana, koma m'mawa uziyankha msanga kuti pasapezeke pokugwirira. Ndipo kampani ikamadzitcha banja, uzikumbukira kuti ikafuna kuchepetsa antchito imalemba kalata basi.

Nkhani ya manambala ndiyo yandikhalitsa pansi. Kumeneko si kusiyana makhalidwe ayi, ndi chinyengo. Zikadzaululika kwa ma audita, anthu ofufuza mabuku a ndalama, dzina limene lidzapezeke pa lipotilo ndi lako, ndipo wokutumayo akhoza kudzakana kuti sanakuuze chilichonse. Kampani ya Enron ku America inagwa mu 2001 chifukwa chobisa ngongole ndi kukometsa mabuku, akuluakulu ena anamangidwa, ndipo antchito zikwizikwi osalakwa anataya ntchito. Unachita bwino kukana. Lemba penapake tsiku limene anakuuza ndi mawu amene ananena. Akadzabwerezanso, uwapemphe modekha kuti akutumizire pa imelo. Fufuzanso ngati kampaniyo ili ndi njira yachinsinsi yoperekera madandaulo otere.

Tsopano amuna ako. Mawu oti ukudziyesa woyera anakulasa, ndipo sanayenera kutero. Komabe ine ndikumva mantha m'mawu awowo. Iwe utati "ndikusiya", iwo anaona sukulu ya ana, lendi ndi ngongole zili pa iwo okha. Ndikufunse: kodi unawafotokozera kuti anakutuma kunama pa ndalama ndipo ukhoza kumangidwa, kapena unangoti watopa nako kuntchito? Mwamuna wokonda mkazi wake akamva za ndende salankhulanso za kupirira.

Sankha nthawi ana atagona, foni uike kutali, uyambe ndi nkhani ya lipotiyo. Uwatsimikizire kuti sudzasiya ntchito mwaukali iwo osadziwa. Mukatero tengani pepala, muwerengere limodzi zomwe nyumba imadya pamwezi, muone kuti mungapirire miyezi ingati ndi malipiro a munthu mmodzi. Mugwirizanenso malire: kuti uyamba kufunsira ntchito kwina kuyambira sabata ino uli pantchito pomwepo, koma tsiku limene adzakukakamize kusaina zabodza, udzachoka ngakhale ina isanapezeke. Ngati kukambiranako kukanika, itanani munthu wamkulu amene nonse mumamulemekeza akhale nanu, ndipo udzandilemberenso kuti zatha bwanji.

Azakhali