Kudula denga la Corolla kuti muikepo sunroof: yankho langa

Achimwene, mwanena kuti muli ndi Toyota Corolla ya 1998 yomwe inabwera yopanda sunroof (zenera lotseguka la padenga), kuti mwaona ina yomwe akugulitsa ku Johannesburg, ndipo mukufunsa ngati mungathe kudula nokha denga ndi grinder n'kuiikapo, makamaka poti galimotoyo imatentha kwambiri m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala. Ndaona kuti anzathu ena akuti n'zosatheka, pamene ena akuti ndi ntchito yongotha Loweruka limodzi. Ine ntchito imeneyi ndinaigwirapo pa galimoto yanga, ndipo ndiyankha motalikirapo chifukwa denga la galimoto likadulidwa silibwereranso momwe linalili.

Ntchitoyi ndi yotheka kwa munthu wodekha, koma pa mtundu umodzi wokha wa sunroof, ndiye choyamba mufunse wogulitsayo kuti yakeyo ndi yamtundu wanji. Pali ina yomwe ndi galasi lokhala m'felemu, lomwe mumangolikankha ndi dzanja kuti litukuke pang'ono chakumbuyo, ndipo imeneyi amaitcha pop-up. Ilibe mota, ilibe mawaya, ndipo bowo lake ndi laling'ono. Pali ina yamagetsi yomwe imatukuka kenako n'kutsetserekera m'mbuyo pamwamba pa denga. Yachitatu ndi yomwe galasi lake limalowa pakati pa chitsulo cha denga ndi siling'i, monga zimakhalira pa galimoto zomwe zinachokera nayo kufakitale. Yachitatuyi musaiyerekeze n'komwe pakhomo, chifukwa imafuna thireyi yolandira madzi ndi timapayipi todutsa m'kati mwa mizati ya galimoto kukatayira madziwo pansi, imafuna kusoka siling'i yatsopano, ndiponso imatsitsa siling'iyo moti munthu wamtali amayamba kugunda mutu. Ngakhale kampani ya Webasto ya ku Germany, yomwe inatchuka ndi ma sunroof a dzina la Hollandia, mitundu yovutayi inkaipangira amisiri ophunzitsidwa. Ngati mukufunadi kugwira nokha, khalani pa pop-up.

Tsopano nkhani yaikulu, yomwe sindinaione m'mayankho ena onse. Chitsulo cha denga chomwe timaona kunjachi ndi chopyapyala kwambiri, sichifika ngakhale milimita imodzi, ndipo pachokha chilibe mphamvu. Chomwe chimagwira denga ndi zitsulo zopingasa zomwe zili kunsi kwake, zobisika ndi siling'i, zomwe zimalumikiza mbali yamanja ndi yamanzere monga momwe mitanda imagwirira denga la nyumba. Mtanda wofunika kwambiri ndi womwe uli chapakati, pafupi ndi mizati ya pakati pa zitseko zakutsogolo ndi zakumbuyo. Galimoto ikagubuduzika, kapena ikagundidwa cham'mbali, mtanda umenewu ndi umene umathandiza kuti denga lisaphwanyikire anthu ali m'kati. Galimoto zomwe zinabwera ndi sunroof kuchokera kufakitale zili ndi felemu yachitsulo yowonjezera kuzungulira bowolo, ndipo yanuyo ilibe. Choncho lamulo lomwe sindingalisinthe ndi lakuti bowo likwane pakati pa mtanda wakutsogolo, wa pamwamba pa galasi lalikulu, ndi mtanda wapakatiwo, osakhudza uliwonse. Munthu akakuuzani kuti mungodula mtandawo chifukwa felemu ya sunroof ilowa m'malo mwake, musamumvere, chifukwa felemuyo ntchito yake ndi kugwira galasi, osati kunyamula galimoto yomwe yagona chagada. Tikudziwa tonse momwe ngozi zogubuduzika zimachitikira pa msewu wa M1, ndipo amene amakwera galimoto yanu ndi banja lanu.

Pachifukwa chimenechi musagule kanthu musanatsitse siling'i. Chotsani zotchingira dzuwa, zogwirira za pamwamba pa zitseko ndi nyale yapakati, kenako muitsitse bwinobwino, muone mitandayo ndi maso anu ndi kuyeza mpata womwe ulipo. Muonenso komwe kwadutsa mawaya a nyale, ndipo muchotse waya wa batire musanayambe. Corolla ya chaka chanucho ilibe ma airbag a m'mphepete mwa denga, koma kwa ena amene akuwerenga omwe ali ndi galimoto zatsopanoko, yang'anani ngati pamizati palembedwa SRS, chizindikiro chakuti muli ma airbag, ndipo ngati palembedwa, ntchitoyi muisiye. Chinanso ndi maonekedwe a dengalo. La Corolla ndi losalala ndipo ndi lopindika pang'ono chabe, zomwe ndi zabwino, pamene la Probox kapena Hiace lili ndi mizere yotukuka ngati malata, ndipo felemu singakhale bwino pamizere yotero popanda kusiya mipata yolowera madzi.

Za grinder, yankho ndi lakuti ayi. Grinder imatenthetsa chitsulo chopyapyalachi mpaka chimapindika, imawotcha penti m'mbali mwa modulamo, ndipo moto womwe imathetheka umamatirira pa magalasi ndi pa penti osachokanso. Pezani jigsaw yokhala ndi mpeni wa mano ang'onoang'ono wodulira chitsulo, kapena nibbler, makina odula malata mobenthula pang'onopang'ono, ngati mungabwereke kwa amisiri a malata. Sunroof yabwino imabwera ndi pepala lojambulidwa kukula kwenikweni kwa bowo, ndipo ngati wogulitsayo alibe pepalalo, ine sindingagule. Matani tepi ya pepala padenga ponse pomwe makina adzayenda, pezani pakati penipeni pa denga poyeza kuchokera mbali zonse ziwiri, jambulani mzere, kenako muyezenso kawiri musanaboole kabowo koyambira. Podula, yendani cham'kati pang'ono mwa mzerewo, chifukwa chotsala mungathe kuchipala ndi tupa, koma chomwe mwapitirira simungachibwezere. Pakhale munthu wachiwiri m'kati wovala magalasi oteteza maso ndi magolovesi, wogwirira chitsulocho kuti chisamanjenjemere ndi kuti chisagwe n'kupinda kona yomaliza.

Pamene ine ndinalakwitsa ndi pambuyo podula, ndipo ndikufuna mumvetsetse bwino. Ndinamaliza kudula madzulo, ndinapukuta denga ndi nsanza, n'kusiya galimoto panja usiku wonse. M'mawa ndinapeza timadontho tofiirira tambirimbiri padenga lonse mpaka paboneti, ngati wina wawazapo fumbi la njerwa. Tinali tizidutswa ta chitsulo tomwe tinatsalira podula, tomwe tinachita dzimbiri ndi mame a usiku umodzi wokha n'kudya penti. Kenako, poti ndinkafuna kutsimikiza kuti madzi asalowe, ndinapaka silikoni yomwe ndinagula m'sitolo ya zipangizo zomangira, yomwe amamatira masinki, ija imanunkha ngati viniga. Fungo limenelo ndi asidi yemwe imatulutsa pouma, ndipo asidiyo amadya chitsulo chopanda penti. Dzinja loyamba linadutsa bwino, koma lachiwiri lisanathe penti anayamba kutupa pakona yakumanja, ndipo nditakanikiza ndi chala panatuluka madzi a dzimbiri. Patapita masabata ochepa siling'i inayamba kuda pamwamba pa mpando wa dalaivala, ndipo galimoto yonse inkanunkha chinyontho. Zinanditengera ndalama zoposa mtengo wa sunroofyo kuti mmisiri wowongola ndi kupenta magalimoto achotse felemu, apale dzimbiri ndi kupentanso denga lonse.

Choncho mukangomaliza kudula, chotsani tizidutswa tonse nthawi yomweyo ndi mpweya kapena makina okoka fumbi, kunja ndi m'kati momwe, osapukuta ndi nsanza chifukwa timakanda penti. Salazani m'mphepete mwa bowo ndi tupa, kenako pakani primer yoteteza dzimbiri pachitsulo chonse chomwe chaonekera, ya epoxy kapena ya zinc, ndipo muisiye iume mokwanira monga alembera pachitini ngakhale zitatenga tsiku lina. Pomata felemu gwiritsani ntchito chomatira chomwe chabwera ndi sunroofyo, chomwe kawirikawiri chimakhala butyl, kapena chomatira cha polyurethane chomwe amagulitsa m'masitolo a zipangizo za galimoto. Felemu ya pop-up imakhala pawiri, ina pamwamba ina kunsi, ndipo ziwirizi zimapana chitsulo cha denga pakati. Mabawuti ake muwamange pang'onopang'ono, mukudumpha kuchokera mbali ina kupita mbali yoyang'anana nayo monga timachitira pomanga tayala, chifukwa mukalimbitsa mbali imodzi yokha denga limakwinyika ndipo khwinya limenelo silichoka. Musabwezere siling'i musanathire madzi ndi payipi kwa mphindi zingapo wina ali m'kati ndi tochi akuyang'ana makona onse anayi.

Kumbukirani kuti pop-up ilibe kotayira madzi, ndipo chomwe chimaletsa mvula ndi mphira yokha. Kwathu kuno mphira imavutika, chifukwa dzuwa limaiumitsa, fumbi la m'chilimwe limakhala pakati pa iyo ndi galasi, ndipo maenje a m'misewu amapotokola galimoto tsiku ndi tsiku. Kenako mvula imabwera kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndipo amene amakhala ku Mulanje kapena ku Nkhata Bay akudziwa kuti kumeneko imagwa yosasewera. Mphirayo imafuna kupukutidwa kawirikawiri ndi kupakidwa girisi wa silikoni, osati oyilo wa injini kapena girisi wamba, zomwe zimaitupitsa n'kuiwononga. Funsani wogulitsayo ngati mphira yosinthira imapezeka, chifukwa ikatha popanda ina yolowa m'malo mwake mudzatsala ndi bowo padenga. Muyang'anenso pagalasilo chizindikiro cha E chokhala m'kabwalo pamodzi ndi nambala 43R, kapena cha DOT, chosonyeza kuti ndi galasi lovomerezeka pa galimoto, lomwe likasweka limayoyoka tizidutswa ting'onoting'ono m'malo mwa zibenthu zakuthwa.

Komabe mwanena kuti chomwe chikukuvutani ndi kutentha, ndipo apa ndiyenera kunena zoona ngakhale sizikusangalatsani. Sunroof sichepetsa kutentha momwe mukuganizira. Mukaitukula galimoto ikuyenda imakokadi mpweya wotentha womwe umasonkhana kumwamba, ndipo zimenezo n'zabwino m'mawa ndi madzulo. Koma masana, pamalo pomwe panali chitsulo ndi siling'i zotchinga dzuwa pamakhala galasi lomwe lili pamutu panu penipeni, ndipo ine ulendo wina wa ku Chikwawa ndinachita kutchingapo katoni kuti ndifike. Ngati yomwe mukugulayo ilibe chotchingira cham'kati, galimoto yanu idzatentha kuposa lero. Corolla ya 1998 imagwiritsa ntchito gasi wa R134a, yemwe amapezeka m'magalaja ambiri ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, ndipo ine ndikanayamba ndapita kwa makaniko wa zoziziritsira kuti apeze pomwe pakudontha, akonze, n'kuthiramo gasi. Poti siling'i mudzakhala mutaitsitsa kale, mungathenso kumata chotchinga kutentha kunsi kwa chitsulo cha denga, ntchito yomwe safuna kudula paliponse.

Ngati mwaganiza zopitiriza, dziwitsani a inshulansi yanu musanadule, chifukwa kusintha thupi la galimoto mosawauza kungawapatse chifukwa chokanira kulipira pa ngozi, ndipo funsaninso ku Road Traffic ngati zingakhudze COF yanu. Dziwaninso kuti podzagulitsa, ogula ambiri amaopa denga lodulidwa ndipo amatsitsa mtengo. Tsitsani siling'i Loweruka likubwerali, mujambule mitandayo, muyeze mpata wa pakati pake kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, ndipo mutumize chithunzicho muno pamodzi ndi miyeso ya bowo yomwe wogulitsayo wakupatsani, kuti tione limodzi ngati ikukwana musanatumize ndalama ku Johannesburg.