Mafunso a Owerenga: Kompyuta Ikakakamira Pozima

FUNSO: A Mkonzi, ndine wophunzira zauinjiniya ndipo kwathu ndi ku Ngabu, m'boma la Chikwawa. Ndinapanga kachipangizo koyeza kukwera kwa madzi mumtsinje nyengo ya dzinja, kogwira ntchito ndi kompyuta yaing'ono ya Raspberry Pi 4 yokhala ndi Linux, yoyendera batire ndi sola. Sensa yake imalumikizana ndi kompyuta kudzera pa mawaya otumizirana mauthenga otchedwa I2C, ndipo ikakhala ndi muyezo watsopano imatsitsa mphamvu pa waya wa interrupt (chizindikiro choitana purosesa kuti iyankhe msanga) wopita ku GPIO, mapini olumikizira zipangizo pa kompyutayo. Driver yake, pulogalamu yoyendetsa sensayo, ndinalemba ndekha ndipo imayenda bwino, koma batire likatsika n'kuilamula kompyuta kuti izime, nthawi zina imakakamira osamaliza. M'gawo la shutdown ndimayamba ndi local_irq_disable, lamulo lotseka ma interrupt, kenako ndimauza sensa kuti igone, ndimadula magetsi ake, n'kumasula memory yonse. Vuto lili pati? Wophunzira, Ngabu.

YANKHO: Zikomo achimwene chifukwa chofotokoza ndondomeko yanu mwatsatanetsatane, popeza vuto lili m'ndondomekomo. Zonse zimene mukufuna kuchita n'zomveka, koma mwayamba ndi chimene kernel yeniyeniyo, mtima wa Linux woyang'anira zipangizo zonse, imachita pomalizira penipeni.

Mukalamula kuti kompyuta izime, ntchito imayamba kernel isanakhudzidwe kwambiri: systemd, pulogalamu yoyang'anira mapulogalamu ena, imawaimitsa powatumizira SIGTERM (pempho loti atseke) ndipo okanirira SIGKILL (kuwatseka mokakamiza), imatseka mafayilo ndi kulemba pa diski zonse zotsala. Kenako kernel imaitana device_shutdown, imene imayendera zipangizo zonse chobwerera m'mbuyo, kuyambira chimene chinalembetsedwa pomaliza, kotero kuti sensa yanu imafikiridwa chowongolera cha I2C chimene imadalira chidakali chamoyo. Pa nthawi yonseyi ma interrupt amakhala otsegula, ndipo zimenezi n'zadala, chifukwa zipangizo zambiri sizingatsazike bwino popanda iwo. Diski ya SATA kapena ya USB, mwachitsanzo, imalamulidwa kuti ilembe zonse zimene yasunga m'cache mwake, malo osungiramo zinthu kwakanthawi, ndipo kernel imadziwa kuti ntchitoyo yatha pokhapokha interrupt ikafika. Zipangizo zikatha, kernel imasamukira ku purosesa imodzi, imaitana syscore_shutdown, imalemba mawu akuti "reboot: Power down", ndipo apo m'pamene imatseka ma interrupt ndi kuimitsa mapurosesa enawo.

Mukaitana local_irq_disable poyamba penipeni, mumadzitchera msampha pawiri. Lamulo limeneli limatseka khutu la purosesa imodzi yokha, imene driver yanu ikuyenderapo pa mphindiyo, pamene Raspberry Pi 4 ili ndi mapurosesa 4 a Cortex-A72, ndipo ntchito yoyankha sensa ikhoza kukhala ikuyenda pa ina. Komanso mzere wotsatira wa pulogalamu yanu umatumiza uthenga pa I2C, ndipo uthenga wotere umagoneka ntchitoyo kudikira interrupt yochokera ku chowongolera yonena kuti watumizidwa. Kugona ma interrupt ali otseka n'koletsedwa mu kernel, ndipo zotsatira zake sizifanana tsiku ndi tsiku, n'chifukwa chake mukuona kuti nthawi zina imazima bwino. Mzere wa local_irq_disable uchotseni.

Chachiwiri, chimene ndikuchikayikira kwambiri, ndi kudula magetsi a sensa. Waya wanu umatanthauza kuti pali uthenga pamene mphamvu yake yatsika. Ngati resistor yokweza wayawo imatenga mphamvu ku magetsi omwewo amene mukudula, wayawo umatsika n'kukhala pomwepo, ndipo kompyuta imamva ngati sensa ikuitana kosalekeza. Handler, gawo la driver loyankha interrupt, imadzuka, imayesa kuwerenga sensa yozima, imalephera, imabwerera, ndipo nthawi yomweyo imaitanidwanso. Linux ili ndi chitetezo pa zoterezi: ikaona kuti mwa ma interrupt 100,000 oposa 99,900 sanayankhidwe, imalemba kuti "nobody cared" n'kutseka interrupt imeneyo. Koma chitetezochi chimadalira kuona mtima kwa driver, chifukwa ngati handler yanu imabweza IRQ_HANDLED nthawi zonse, ngakhale pamene sinapeze kanthu, kernel sidzadziwa kuti pali chosokonekera. Ambiri olemba driver koyamba amachita zimenezi, ndipo ndi chizolowezi choyenera kuchisiya msanga: ngati sensa sinaitane, bwezani IRQ_NONE.

Ndondomeko yoyenera ili ngati ya mlimi wothirira m'mphepete mwa Shire, amene amayamba wazimitsa pampu kumtsinje ndi kudikira madzi otsala atuluke asanamasule mapaipi. Yambani ku gwero, polemba mu register ya sensa kuti isiye kutulutsa ma interrupt ndi kufafaniza aliyense amene anali atayamba kale. Mukatero itanani disable_irq, osati disable_irq_nosync, chifukwa yoyambayo imadikira mpaka handler iliyonse imene ikuyenda, kuphatikizapo ya mu thread, itamaliza. Apa pamafunika kusamala kwambiri: musaiitane mutagwira mutex (loko yolola ntchito imodzi yokha pa nthawi) imene handler imaifunanso, chifukwa inu mudzadikira handler, iyonso idzadikira inu, ndipo kompyuta idzakakamira monga ikuchitira panopa, pa chifukwa china. Zikatha izi imitsani ntchito zimene handler inasiyira m'mbuyo, pogwiritsa ntchito cancel_work_sync kapena cancel_delayed_work_sync, ndipo ngati muli ndi timer gwiritsani ntchito timer_shutdown_sync, imene inabwera mu Linux 6.2 ndipo imaletsa timer kudzikhazikitsanso. Magetsi a sensa adulidwe pomaliza.

Memory musaimasule n'komwe. Gawo la shutdown si gawo la remove: cholinga chake n'kukhazika chipangizo chete, osati kubweza katundu, popeza memory yonse ikutayika posachedwa. Kuimasula sikupindula kanthu, koma kumatsegula mpata woti handler yochedwa ilembe pamalo amene salinso anu. Dziwaninso kuti ngati munapempha interrupt kudzera mwa devm_request_threaded_irq, kernel siibweza yokha pozima, chifukwa zinthu za devm zimamasulidwa driver ikachotsedwa pachipangizo basi. Amene amaganiza kuti devm imawasamalira zonse amasiya interrupt yotsegula mpaka mapeto.

Wina angafunse kuti kuvutikiranji, popeza magetsi akuzima ndithu. Yankho n'lakuti kompyuta sizima nthawi zonse. Ikalamulidwa kuti iyambirenso (reboot), zipangizo zina zakunja sizitaya magetsi, choncho sensa yosiyidwa ikuitana imalandira kernel yatsopano ndi phokoso driver isanakonzeke. Zimaonekera kwambiri ndi kexec, njira imene inalowa mu Linux 2.6.13 m'chaka cha 2005, yoyambitsa kernel yatsopano mwachindunji popanda kudutsa mu firmware, pulogalamu yoyamba kuyenda kompyuta ikayaka. Pamenepo palibe chimene chimabwezeretsa zipangizo pachiyambi, ndipo khadi la PCI losiyidwa likuchita DMA, kutanthauza kulemba lokha mu memory osadutsa ku purosesa, likhoza kulemba mu memory ya kernel yatsopano. N'chifukwa chake Linux imalanda zipangizo za PCI mphamvu ya bus master, yolola kuchita DMA, pamene kexec ikuchitika.

Kuti mutsimikize malo enieni, lumikizani chingwe cha serial pa GPIO 14 ndi 15 pa liwiro la 115200, chifukwa sikirini kapena SSH zimafa msanga. Onjezerani initcall_debug ndi ignore_loglevel mu cmdline.txt, ndipo kernel idzalemba dzina la chipangizo chilichonse isanachizimitse. Dzina lomaliza kuoneka ndilo loyamba kulifufuza. Yesani kangapo sensa ili mkati moyeza, chifukwa vuto la mpikisano wotere limabisala chipangizo chikakhala chete.

FUNSO: Bambo, kuno ku Bangula magetsi amazima mwadzidzidzi. Kodi zimenezi zimasiyana bwanji ndi kuzimitsa kompyuta bwinobwino? Mayi wa sitolo yosindikiza zikalata, Nsanje.

YANKHO: Zimasiyana kwambiri, mayi, chifukwa magetsi akadukira panjira palibe chilichonse mwa zimene tafotokozazi chimachitika: mapulogalamu sachenjezedwa, diski silamulidwa kulemba zotsala, ndipo zimene zinali m'cache zimatayika. Ma file system okhala ndi journal, kaundula wa zosintha pa diski, monga ext4 ya Linux ndi NTFS ya Windows, amatha kukonza dongosolo la diski kompyuta ikayakanso, koma sabweza chikalata chimene munali musanasunge. Kugwira batani lozimitsira kwa masekondi angapo kumachitanso chimodzimodzi, pamene kulidina kamodzi kumatumiza interrupt ya ACPI (dongosolo loyang'anira magetsi a kompyuta) imene imayambitsa kuzima kwa dongosolo pa makompyuta ambiri. Ngati mungathe, gulani UPS, chipangizo cha batire chopatsa kompyuta mphamvu magetsi akazima, yokhala ndi chingwe cha USB, kuti batire lake likatsika iuze kompyuta izime yokha mphamvu idakalipo, ndipo muiike pamalo opita mphepo, popeza kutentha kwa m'chigwa chino kumafupikitsa moyo wa batire la mtovu.